Mng'ono wanga wayambiranso heroin, kodi timuyambitse methadone?

Abale, ndithandizeni maganizo. Mng'ono wanga anakodwa ndi heroin. Anakakhala kumalo othandiza anthu kusiya mankhwala osokoneza bongo, anatulukako ali bwinobwino, koma pano wayambiranso. Chikundisowetsa tulo n'chakuti munthu akasiya kwa kanthawi thupi silipiriranso mlingo wakale, ndiye akadzibaya wochuluka ngati poyamba akhoza kusiya kupuma.

Adokotala akuti ayambe methadone kapena buprenorphine, mankhwala ochepetsa chibaba. Bambo akanitsitsa. Akuti kumeneko n'kungosinthanitsa chiphe ndi chiphe chinzake, bola timupereke kupolisi akaphunzire. Ine zandende sindikugwirizana nazo, munthuyu akudwala. Ku Portugal kuyambira 2001 sapatsa mlandu waupandu munthu wopezeka ndi mankhwala ochepa ogwiritsa ntchito yekha, amamulozera kothandizidwa, ngakhale kugulitsa kudakali mlandu. Komabe ku Oregon, dera lina la ku America, anavotera zofananako mu 2020 n'kubweza mu 2024, ndiye nawonso bambo ali ndi poimira.

Inu amene munadwazikapo m'bale wotere, methadone anamwa nthawi yaitali bwanji? Makolo munawafotokozera motani mpaka kuvomera? Nanga naloxone, wotsitsimutsa munthu akapyola mlingo, tingamasunge m'nyumba ife eni?