Nyumba zina zikugwera mu Shire pa mapu

Wa udzudzu: Akuluakulu, ndithandizeni. Tinatchera misampha ya udzudzu ya CDC m'midzi ya ku Chikwawa, ndipo malo a nyumba iliyonse tinatenga ndi tabuleti pa KoboCollect, pulogalamu yolembera mafomu a kafukufuku. Ndikaika madonthowo pa mapu a mtsinje mu QGIS, pulogalamu ya mapu ya pa kompyuta, nyumba zina zikuoneka zili pakati pa Shire. Cholinga changa n'kuyeza mtunda kuchokera pakhomo kukafika kumadzi. Kodi matabuletiwa atha?

Wa ziwerengero: Yambani mwaona kolamu ya accuracy, yosonyeza mamita omwe GPS ingaphonye, achimwene. Munthu akatenga malo ali m'nyumba ya malata, osadikira n'komwe, GPS imaponya dontho kutali.

Wa udzudzu: Ndaona, ambiri sakupitirira mamita 5. Komanso onse asunthira mbali imodzi.

Wa mapu: Ngati asunthira mbali imodzi, matabuleti alibe mlandu. Mapu a mtsinjewo ndi akale eti? Mapu akale a kuno anajambulidwa pa Arc 1950, pomwe tabuleti imalemba pa WGS 84, ndipo njira ziwiri zoyezera malo pa dzikozi zimasiyana ndi mamita mazana angapo. Fayilo ikabwera yopanda .prj, kafayilo konena njira yomwe mapu anayezera, QGIS sidziwa zimenezo. Muyambe ndi Assign projection, muike EPSG:20936, nambala ya Arc 1950, kenaka Reproject layer kupita ku EPSG:32736, ya WGS 84 yowerenga mamita. Yoyambayo imangouza kompyuta chilankhulo cha mapuwo, yachiwiriyo ndiyo imasuntha. Madontho anunso muwapititse ku 32736, chifukwa 4326, yomwe tabuleti imalembera, imawerenga madigiri osati mamita.

Namwino wa kafukufuku: Pepani bambo, za mapu si zanga, koma Shire wa papepalayo si Shire wa lero. Chidutsireni anamondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, madzi anadya magombe, mabanja ena anasamukira kumtunda. Ndiponso inu a udzudzu mukudziwa kuti saswana pomwe madzi akuthamanga. Udzudzu wa mtundu wa arabiensis umakonda zithaphwi zowombedwa ndi dzuwa, wa funestus umakonda madzi okhalitsa okhala ndi udzu. Maenje a njerwa kuseri kwa nyumba ali pa mapu ati?

Wa mapu: Apo mwalasa, mayi. Tengani chithunzi cha setilaiti ya Sentinel-2 cha mwezi womwe munatchera misampha, n'chaulere. Kungoti kadontho kake kamodzi ndi mamita 10, ndiye madambo aoneka koma zithaphwi ayi. Ndipo nthawi ya dzinja mitambo imaphimba.

Wa udzudzu: Ndachita monga mwanenera, nyumba zambiri zabwerera kumtunda. Zochepa zatsalabe m'madzi, mwina ndi pomwe mtsinje unasintha njira. Ndipempha ma HSA tikayende limodzi, tiwonjezere fomu ya malo oswanira mphutsi, yokhala ndi chithunzi.

Wa ziwerengero: Musanaphatikize ndi zotsatira za mRDT, zoyeza malungo mwachangu, fayilo yanu ya madontho ya CSV musaitsegule ndi Excel mwachindunji. Imameza ziro woyamba, nyumba 0047 n'kusanduka 47, ndiye sizigwirizananso ndi za anamwino. Nditumizireni yosakhudza, ndiphatikiza mu pulogalamu ya ziwerengero ya R.

Wa udzudzu: Ndikutumiza madzulo ano magetsi akayaka. Mayina a eni nyumba ndachotsamo.