Zija ndinafunsa za 429 zatheka tsopano

Abale sabata yatha ndinafunsa chifukwa chomwe ka pulogalamu kanga kolemba mu Python (chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta) kamangoima pakati ndikamatumiza mauthenga kuti kompyuta iwawerenge mokweza, aja ndimakonzera asodzi aku Monkey Bay kuno ku Mangochi owachenjeza za mwera poti ena kuwerenga kumawavuta. Zayenda.

Vuto linali loti ndimatumiza ma request (mapempho) onse kamodzi ku seva, kompyuta ya pa intaneti yomwe imasandutsa zolembazo kukhala audio, ndiye seva imabweza nambala ya 429, kutanthauza kuti ndachulutsa. Mu yankho lomwelo munali header (kamzere ka uthenga wowonjezera) ya Retry-After yonena masekondi oti udikire, pano ndimaiwerenga kaye, ikasowa ndimadikira sekondi 1, kenako 2, 4, 8 mpaka seva ilole. Audio ikatuluka ndimaisunga kuti ndisapemphenso zomwezo, bandulo nayonso ikukhalitsa.

Koma chomwe chinandidyera nthawi ndi kuyeretsa mawu. Ndinachotsa zizindikiro zonse mwachisawawa, ndiye "pang'ono" inasanduka "pangono", nditawaseweretsera amalume pakhonde anandibwezera foni akuti "mphwanga, ameneyu si Mmalawi." Ka apostrophe ka ng' musakachotse chonde, komanso samalani poti kolemba mu Word kamakhala kopindika, ndi kena kosiyana ndi kowongoka, ndimayamba ndakasintha konse kukhale kamodzi. Ma emoji ndi ma link ochokera pa WhatsApp ndimachotsa, K5,000 ndimalemba m'mawu mmene timatchulira pamsika apo ayi imawerenga K payekha.

Chatsala ndi ŵ, kompyuta ikumamudumpha powerenga, ndiye pakadali pano ndikumuika w wamba. Amene munathana nazo mundiuzeko.