Ku Khulubvi munthu amangofika, kapena pali njira yake?

Membala wobisa dzina

Abale anga a kuchigwa, ndithandizeni nzeru. Mayi anga anabadwira kwa Tengani koma anachokako ali mtsikana, moyo wawo wonse akhala ku Blantyre kuno. Ndinawafunsa kuti pa Tsiku la Anakubala, pa 15 October, ndiwagulire chiyani. Chitenje akana, ati zadzaza m'sutikesi. Akufuna ndiwatengere ku Nsanje akaone nkhalango ya Khulubvi, kumene kuli kachisi wa Mbona. Akuti ali mwana ankangomva akuluakulu akuitchula monong'ona, ndiye akufuna akaione ndi maso miyendo isanakane.

Ine kuchigwa ndinangofikako pa Nchalo, nawonso anali maliro. Abale a mayi amene anatsala kumudzi anasamuka madzi a namondwe Freddy atakokolola nyumba mu 2023, ndipo manambala awo sakugwira. Ndiye kodi kumalo kuja munthu wamba amaloledwa kulowa? Tikayambire kwa ndani, titenge chiyani? Galimoto yathu ndi ka Vitz. Tili ndi ana awiri, ndipo bambo awo akuti poti mafuta tawotcha kale tikaonenso nyama ku Mwabvi kapena ku Lengwe, tsiku lomwelo n'kubwerera. Ine ndikuona ngati tachulutsa, koma mwina ndi mantha chabe.

Mbuya wa kwa Malemia

Mwanawe, mwachita bwino kufunsa musananyamuke. Ku Khulubvi si kopita ngati mukupita kumsika. Ndi malo a mizimu ya Amang'anja, ali ndi eni ake owasunga. Mukafika pa boma la Nsanje funsani njira ya kwa mfumu ya deralo, mukalonjere, munene chimene mwadzera. Iwo ndi amene angakupatseni munthu wokuperekezani, ndipo ndi amene anganene kuti mufika pati n'kulekera pati. Akakuuzani kuti lero ayi, ndi ayi, musakangane nawo. Musapite chimanjamanja, kangachepe ka mafumu mutenge. Nsapato mumavula musanalowe. Zovala zowala, makamaka zofiira, zisiyeni kunyumba, mtundu wa Mbona ndi wakuda, ndiye mutenge nsalu zakuda inu ndi mayi anu. M'katimo simuthyola kanthambi, simutola nkhuni, simupha kanthu ngakhale kakhale kakang'ono bwanji. Mukaona nsato musakuwe, mungoima, woperekezayo akuuzani chochita.

Wobisa dzina

Zikomo mbuya. Nanga ana? Wina ali ndi zaka 6, sakhazikika. Komanso zithunzi amalola?

Mbuya wa kwa Malemia

Zonse ziwirizo mukafunse eni ake pamaso, foni ikhale m'thumba mpaka atakuyankhani. Ine ndikanakhala inu anawo ndikanawasiya ndi bambo awo pamthunzi kumudzi.

Dalaivala wa Bangula

Msewu musadandaule, ndi phula kuchokera ku Blantyre mpaka pa boma, makilomita pafupifupi 180. Chimene mukasamale ndi phiri lotsikira pa Thabwa. Ikani giya yaing'ono, musamangopondereza mabuleki, ambiri amafika pansi mabuleki akununkha. Mukawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu ndi chigwa chokhachokha, Dyeratu, Nchalo, Ngabu, Bangula, Tengani. Koma musathamange poona kuti msewu ndi wowongoka, mbuzi, ng'ombe ndi njinga za kabaza zimalowa mumsewu osachenjeza. Mafuta thirani odzaza muli ku Blantyre.

Za Mwabvi ndi Vitz iwalani mayi. Mukapatuka pa phula cha ku Bangula ndi fumbi, mchenga ndi miyala, kafunika galimoto yokwera. Kagalimoto kanuko mukakasiya pamenepo.

Nachisale wa ku Ngabu

Aliyense akunena za msewu, palibe akunena za dzuwa. October kuno si masewera achemwali. Masana kumafika madigiri 40 n'kupitirira, mphepo yake ngati wayandikira ng'anjo ya njerwa. Ndiye mukufuna mayi okalamba akayende opanda nsapato nthawi ya 12 koloko? Mchenga wake umawotcha mapazi mpaka matuza. Munyamuke Loweruka kapena tsiku lina lililonse, mukagone pa boma, ku nkhalango mupite m'mawa kwambiri dzuwa lisanakwere. Za kupita n'kubwerera tsiku limodzi awuzeni bambowo kuti n'zosatheka, pokhapokha ngati akufuna kukaona phula. Madzi akumwa tengani zigubu, osati timabotolo. Neti yanu tengani, udzudzu wa m'mbali mwa Shire sudikira mvula. Ndipo anawo asayandikire mtsinje ngakhale aone anzawo akusamba, ng'ona zilimo.

Mphunzitsi wa Social

Ndikugwirizana ndi adalaivala amene akuti Mwabvi ayi. Ndi malo okongola, mitengo ya tsanya, milambe, matanthwe, koma nyama n'zosowa, ana adzatopa osaona kanthu. Pobwerera mupatukire ku Lengwe, ndi pafupi ndi Nchalo, mumadutsa m'minda ya nzimbe. Lengwe inakhala paki mu 1970 ndipo imadziwika ndi nyala. Nyengo ino ndiye yabwino chifukwa madzi auma paliponse, nyama zimabwera zokha pa zitsime. Pali timisasa tobisalamo, mumangokhala phee n'kumadikira, njati, nswala, njiri, anyani zikubwera kudzamwa. Ngati bambo akufuna njovu ndi mikango, kumeneko ndi ku Majete, kumene bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks linayamba kuyang'anira mu 2003, koma umenewo ndi ulendo wina, wa tsiku lake ndi thumba lake.

Za Khulubvi ndiwonjezere pang'ono kuti ana akamve. Akuluakulu amati Mbona anali wopempha mvula, adani ake anamuthamangitsa mpaka kuchigwa kuno n'kumupha, ndipo mutu wake unaikidwa m'nkhalango imeneyo. Mwamwambo, kachisi wake amayenera kukhala ndi mayi wotchedwa Salima, amene amatengedwa ngati mkazi wa Mbona. Malowa ali pa mndandanda wa malo amene Malawi inapereka ku bungwe la UNESCO kuti aganiziridwe kukhala chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse lapansi. Koma chimene mukaone ndi maso n'chakuti kunja konse mitengo inatha ndi makala ndi minda, pomwe m'menemo mitengo ikuluikulu ndi zilambe zili chiimire. Nkhwangwa anthu amaopa kulowa nayo, popanda mlonda wa mfuti.

Mtumiki

Mlongo, inu ndinu Mkhristu? Mukufuna mukaike ana anu m'manja mwa mizimu? Mayi anu apempherereni, muwagulire Baibulo.

Wobisa dzina

Abusa, mayi anga ndi amvano, Baibulo ali nalo lachitatu. Sakupita kukathira nsembe, akufuna akaone kwawo. Ndafunsa njira, za chikhulupiriro tisiyireni pakhomo pathu.

Nachisale wa ku Ngabu

Mwawayankha bwino. Ifenso kuno timapita ku tchalitchi, koma m'nkhalango ija palibe amatolamo nkhuni.

Mwana wa kwa Tengani

Mama, za abale anu musataye mtima. Mukafika kwa Tengani imani pamsika, mayi anu atchule dzina la mudzi ndi la bambo awo. Kuno munthu sasowa, ngakhale amene anasamukira kumtunda amadziwika kumene ali. Akalonjere m'Chisena ngati akukumbukira, "muli tani", muona mmene anthu akuwalandirire. Ndipo mukawapeza achibalewo, iwo ndi amene angakuperekezeni bwino kwa mafumu kusiyana n'kupita nokha ngati alendo. Muwatengere shuga, mchere, sopo ndi ufa, nyengo ino nkhokwe zambiri zapepuka. Pobwerera mugule bwemba ndi malambe pamsewu, mlamba wowamba ngati mwaupeza.

Wobisa dzina

Takhuta nonse. Ndawawerengera mayi ndemanga zanu, pa "muli tani" aseka mpaka kutsokomola, ati Chisena sichinawathawe. Mwabvi tachotsa. Tigona pa boma, m'mawa kwa mafumu, Lengwe pobwerera ngati mayi sanatope. Bambo a ana akadali kuwerengera za mafuta. Chatsala ndi pogona. Amene mukudziwa malo aukhondo pa boma la Nsanje, okhala ndi fani ndi madzi, mtengo wake wa munthu wolandira pamwezi, ndilembereni pansipa.

Dalaivala wa Bangula

Mukafunsenso ngati ali ndi jenereta kapena sola. Fani popanda magetsi mugona pakhonde.