Ulendo wa pa sitima ya pamadzi kuchokera ku Durban: kodi pakeji ya zakudya ndi zakumwa ndi yoyenera kugula?

Nachisale: Abale, mu Disembala muno pali banja la anthu awiri akuluakulu lomwe likupita ulendo wa mausiku 4 pa sitima ya kampani ya MSC, kuchokera ku Durban kukafika ku Portuguese Island, chilumba cha ku Mozambique. Pobukitsa akuwaonetsa pakeji (zinthu zolipiriratu pa mtengo umodzi) ya malo odyera apadera ndi ina ya zakumwa. Chakudya amati chili kale mu tikiti, nanga izi n'zachiyaninso? Agule kapena asiye?

Bambo Kalua: Mayi, tikiti yawo yalipirira kale malo awiri: chipinda chachikulu chodyera, momwe weitala amabweretsa chakudya patebulo, ndi bufe yodzitengera wekha. Ku bufe madzi, tiyi ndi khofi wa m'makina salipiritsa. Pakeji imene akuionayo ndi ya malo ngati Butcher's Cut, kophika steki, kapena Kaito, kwa sushi, chakudya cha ku Japan cha mpunga ndi nsomba. Poyamba aone kaye ngati sitima imene akwereyo ili nawo malowo, chifukwa sitima zakale ndi zazing'ono sizikhala nawo onse. Pa mausiku 4 ine ndikuti asagule. Tsiku lopita ku chilumba nkhomaliro amadyera kugombe, nyama yootcha, ndipo ili kale mu tikiti. Usiku wa gala, womwe anthu amatchena pokadya mgonero, menyu ya m'chipinda chachikulu ndi imene imakhala yabwino kuposa masiku onse. Ukalipira kwina usiku umenewo wataya zako zomwe unagula kale.

Gama wa ku Pinetown: A Kalua, zimenezo zinali zoona kale. Sitima zinaima mu Marichi 2020 chifukwa cha Covid, zambiri mpaka chapakati pa 2021, ndipo makampani anakongola ndalama zoopsa. Ngongole ya Carnival Corporation, kampani ina yaikulu ya sitima zotere, inadutsa madola 30 biliyoni. Ndalamazo akuzibweza kudzera m'zimene anthu amagula ali kale m'sitima, zomwe ku Carnival ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zonse zolowa. Ndiye chakudya chaulerecho achichepetsa. Carnival chakumapeto kwa 2022 inayamba kulipiritsa madola 5 ukaitanitsa mbale yachitatu ya chakudya chachikulu. Kampani ya Royal Caribbean mu 2023 inati lobster (nkhanu ya m'nyanja) yaulere ndi imodzi basi, yachiwiri ulipire. Nyama yabwino yasamukira ku malo olipira. Wofuna steki yeniyeni, yokhuthala, yochoka pamoto n'kufikira patebulo, m'chipinda chachikulu saipeza.

Bambo Kalua: Sindikukana, achimwene. Koma mwatchula sitima za ku America. Ndipo mbale ziwiri za chakudya chachikulu, kuphatikiza supu ndi zotsekemera, ndani amene sangakhute?

Mayi Nkhoma: Nkhani si kukhuta ayi, ndi kaphikidwe. Khitchini ya chipinda chachikulu imaphikira anthu mazanamazana m'magulu awiri, ena cha m'ma 6 koloko, ena cha m'ma 8 kapena 9 usiku. Mbale amapakuliratu zambiri nthawi imodzi, n'kuzivindikira, weitala n'kuzisanjikiza pa thireyi. Chakudya cha msuzi, pasta ndi nkhuku zimapirira ulendo umenewo. Steki ndi nsomba yowotcha ayi: zimapitiriza kupsa pansi pa chivindikiro, pofika kwa iwe zauma. Choncho m'chipinda chachikulu itanitsani zimene khitchini yaikulu imazitha. Pa MSC pasta ndi pizza ndiye kwawo. Ngati akufunitsitsa steki, alipire usiku umodzi wokha, osati pakeji ya mausiku awiri kapena atatu. Usiku woyamba ndi wabwino, chifukwa anthu ambiri amakhala asanabukitse ndipo matebulo amapezeka.

Gama wa ku Pinetown: Apo tagwirizana, koma achenjere ndi menyu. Pakeji kawirikawiri imakupatsa menyu yoikika: choyambira chimodzi, chachikulu chimodzi, chotsekemera chimodzi. Nyama zikuluzikulu zodula kwambiri zimakhala kunja kwa mndandandawo, ukaloza zimenezo amawonjezera ndalama. Afunse weitala asanaitanitse kuti ziti zili mu pakeji. Zakumwa nazo sizilowamo.

Nachisale: Zikomo. Nanga ya zakumwayo? Bambo a m'nyumbamo amamwa, mayi sakhudza n'komwe mowa.

Chisomo M.: Achemwali, vuto lagona pomwepo. MSC, Carnival ndi Royal Caribbean onse salola kuti wamkulu mmodzi m'chipinda agule pakeji ya mowa mnzake n'kukhala wopanda, poopa kuti azigawana. Wosamwayo nthawi zina amaloledwa kutenga pakeji yopanda mowa, koma ndi ndalama ndithu. Komanso amagulitsa ya ulendo wonse, sungasankhe masiku. Tiyeni tiwerenge ndi mitengo yongoyerekeza, iwo aikepo yeniyeni ya pa tsamba lawo. Pakeji ikhale madola 45 pa usiku. Chakumwa chimodzi chikhale madola 8, kuphatikiza 15 peresenti imene amawonjezera ku bala, ndiye madola 9.20. Kuti ndalama ibwerere, munthu amwe zakumwa 5 tsiku lililonse osaphonya. Awiri pa mausiku 4 ndi madola 360. Ngati mmodzi yekha ndiye akumwa, ndiye kuti amwe pafupifupi 10 patsiku kuti afike pa ndalama imeneyo. Tsiku loyamba mumakwera masana, tsiku lomaliza mumatsika m'mamawa, ndipo tsiku la ku chilumba maola ambiri muli kunja kwa sitima. Masamu ake sakutuluka.

Gama wa ku Pinetown: Musawerenge mowa wokha, a Chisomo. Madzi a m'botolo, kapuchino wa ku bala, juwisi, zoziziritsa kukhosi, zonse n'zolipira, ndipo Disembala ku Mozambique Channel kumatentha zedi. Makofi awiri, mabotolo awiri amadzi, kapu ya vinyo pa mgonero ndi mowa uwiri masana, wafika kale pamenepo. Kwa banja loti onse awiri amamwa, pakeji ndi yabwino, komanso sudzidzimuka ndi bilu tsiku lomaliza. Chinanso, nyanja ikawinduka maboti ang'onoang'ono sapititsa anthu ku chilumba, mumaswera m'sitima tsiku lonse, bala ili pafupi.

Chisomo M.: Kwa omwa onse awiri ndavomera. Kwa banja limene a Nachisale atchulali ayi. Madzi angotenga botolo lopanda kanthu n'kumathira ku bufe pogwiritsa ntchito kapu yoyera.

Mayi Nkhoma: Aonenso kuti pakeji yotsika mtengo kwambiri nthawi zambiri sigwira ntchito m'malo odyera apadera aja. Munthu amagula zonse ziwiri, n'kupeza kuti vinyo wa pa steki wamulipira payekha. Ndiponso pakeji iliyonse ili ndi mtundu wa zakumwa umene imalola. Ukatchula dzina la mowa wodula, siulowamo.

Bambo Kalua: Nditsirize ndi za ndalama, chifukwa ambiri amapunthwa apa. M'sitima za ku Durban mitengo ndi ya madola, osati marandi. Mukalembetsa khadi la banki amayamba agwira ndalama ina ngati chikole, ndipo pa khadi la debit imatha kuchedwa masiku angapo kubwerera. Banki nayo imadula yake posintha madola. Chimene atsimikiza kugula, kaya ndi steki ya usiku umodzi uja, agule asanakwere, mtengo umakhala wotsikirapo ndipo amalipira m'marandi. Bilu aziyang'ana tsiku lililonse, pa app kapena ku resepishoni. Cholakwika akachiona tsiku lomwelo amachikonza msanga, pomwe m'mawa wotsikira mzere wake umakhala wautali. Ngati wina sadya nkhumba, kapena ali ndi chakudya chimene chimamuwenga, auze kampani pobukitsa pomwepo, ndipo akumbutsenso mkulu wa mawetala usiku woyamba.