Za lichi pa munda wa gulu ku Dómuè

Mlembi (Ulónguè): Moni nonse. Pa munda uja amfumu anatipatsa m'mbali mwa dambo, a Jere akuti tibzale lichi, mtengo wa zipatso zofiira kunja zoyera m'kati, m'malo mwa bulugamu. Tikambirane kaye tisanayambe kusonkha pa M-Pesa.

A Jere (Chimoio): Zikomo a mlembi. Kuno ku Manica anzathu akudyerapo. Mtengowu kwawo ndi kum'mwera kwa China, ndipo kuti uchite maluwa umafuna miyezi yozizira yopanda mvula. Kwathu June ndi July si momwemo? Zipatso zimapsa November ndi December, fodya akadali m'munda, m'thumba muli mphepo yokhayokha.

Mayi Nangozo (Dómuè): Achimwene, mwakhalitsa kumeneko mwaiwala chisanu cha kwanu. Mapapaya anga anapsa usiku umodzi wokha, m'mawa masamba ali lende ngati wina wawathira madzi otentha. Ndipo padambo ndi pamene chisanu chimagona.

A Jere: Mitengoyi ikadali yaing'ono mumaimangira kachisakasa ka udzu, alongo. Ikakula imapirirako.

Msungichuma (Tete): Ine ndalama zanu ndikusunga, ndiye mundilole ndivute. Lichi wa njere akhoza kukudikiritsani zaka 10. Mbande zabwino ndi zija amasenda khungwa panthambi, n'kumangapo dothi lonyowa m'pulasitiki mpaka mizu ituluke. Zimenezo zimabereka pakatha zaka 3 mpaka 5, koma n'zogula, kuonjezapo galimoto yochokera ku Manica. Chachiwiri madzi. Tizipatso timayamba kukula September ndi October, zitsime zitatsika. Mtengo ukamva ludzu timayoyoka. Ndani azinyamula ndowa pomwe aliyense ali kudimba kwake ndi tomato?

Bambo Phiri (Zóbuè): Onjezanipo mileme. Ndiponso lichi ukathyola, masiku awiri atatu khungu lofiira lija lada, wogula n'kumangodutsa. Kuchoka ku Ulónguè kufika ku Tete ndi makilomita oposa 200, kukafikira m'ng'anjo ya madigiri 40. Mapichesi a ku Tsangano omwe timawadziwa bwinowa amatipsera m'madengu.

A Jere: Nanga ndi ku Tete kokha? Dedza ndi Lizulu si pakhomo pomwepa? Inu mukufuna tizingobzala bulugamu woumitsa dambo mpaka liti?

Mayi Nangozo: Pa bulugamu pokha ndili nanu.

Mlembi: Ndiye bwanji tiyese mitengo 20 ya mtundu wa Mauritius, osati padambo koma kumtunda pang'ono pafupi ndi mjigo. Ikadutsa chisanu kawiri tidzaonjezera. Malo otsalawo mapeyala. Ndikawafunsenso alangizi Lolemba.

Msungichuma: 20 ndivomera. Koma dzina la wothirira lilembedwe pompano.

A Jere: Mbande ndibweretsa ndekha pa Khirisimasi, mvula itakhazikika.

Mayi Nangozo: Kubweretsa n'kosavuta achimwene. October mudzakhala kuti?