Ndikufuna kumanga loji kumunsi kwa phiri la Mulanje, ndiyambire pati?

Membala wobisa dzina: Akuluakulu, moni. A admin chonde bisani dzina langa, akuchikazi ali m'gulu momwemuno. Ndakhala ku Johannesburg zaka 9. Ndalama zomwe ndinkatumiza kuti awumbe njerwa, alamu anga anagulira njinga yamoto ya kabaza, pano yangotsamira khoma, injini inafa. Ndikafunsa akuti mkamwini sakweza mawu. Sola ndinawagulira, ngakhale zikomo. Koma nkhani si imeneyo. Pali kamalo chakumtunda mbali ya Likhubula, pafupi ndi mtsinje, ukaima pamenepo Chambe amaoneka ngati umugwira. Ndikufuna timanyumba 4 ta alendo, kabala ndi pokhoma matenti. Pali mitengo ngati 20 yoti igwe kuti galimoto izifika. Ndamva kuti bungwe la UNESCO linalemba phirili pa mndandanda wake wa malo ofunika padziko lonse mu 2025, ndiye azungu achuluka. Mayi a kunyumba akuti bola minibasi. BP yandikwera. Ndiyambire pati?

Mkungudza Wotsala: Mitengo 20! Mukuitchula ngati mitolo ya mpiru. Bambo, m'mwezi wa Malichi 2023 munali kuti? Ife tinaona Freddy akugubuduza miyala yoposa nyumba kuchokera m'phirimo, midzi ya ku Phalombe ndi Mulanje kukwiririka, anthu ena mpaka lero sanapezeke. Mwina mumaonera pa foni ku Joni. Ndiye inu mubwere ndi chenisoo m'mphepete mwa mtsinje?

Mayi wa ku Chitakale: Malowo ali mkati mwa malire a nkhalango ya boma kapena kunja? Nanga ndi a ndani, anu kapena a akazi anu? Yankhani kaye zimenezi.

Kabaza Original: Injini yafa chani achimwene? Ngati ndi piston yokha ndigulitseni.

Gayidi wa Phiri: Ine ndanyamula zikwama za alendo kuyambira ndili mnyamata, Likhubula mpaka Lichenya, Thuchila mpaka kutsikira Fort Lister. Musanamizidwe ndi UNESCO. Alendo amabwera chilimwe, makamaka Julaye nthawi ya Porters Race, mpikisano wothamanga m'phirimo. Mvula ikayamba timangokhala pansi pa mtengo kudikira ndandanda, sabata kutha osakwera. Komanso okwera phiri amagona m'mahati, timanyumba ta pamwamba pa phiri, kumunsi amangogona tsiku lofika ndi lobwerera. Amene angakudyetseni ndi a ku Blantyre obwera Loweruka kudzasamba pa Dziwe la Nkhalamba.

Mkungudza Wotsala: Omwewo ndi amene atidzadzira mabotolo ndi mapepala a chipisi padziwepo! Kale pamalo paja munthu ankatsitsa mawu, lero ndi masipika. Ndipo inu agayidi, ndani amalozera alendo pogula timabokosi ndi ndodo za mkungudza? Mtengo umene Kamuzu anautcha wa fuko mu 1984, wosamera mwachilengedwe kwina kulikonse padziko, lero mitengo yake ikuluikulu mwatsala zitsa zokhazokha.

Gayidi wa Phiri: Madala, mbande za mkungudza zomwe akubzala a MMCT pamwambapo zimakwera pamutu pa ndani? Inu munabzalapo zingati pa Facebook? Mlendo akasowa, mnyamata yemwe akananyamula chikwama amakanyamula thabwa usiku. Njala siiwerenga chikwangwani.

Mkungudza Wotsala: Njalanjala, nyimbo yake yomweyo. Ofuna kukumba miyala ya bauxite ku Lichenya akabwera amanenanso za ntchito. Nkhalangoyi inatetezedwa mu 1927, pafupifupi zaka 100, tiimalize ife chifukwa cha kabala? Madzi a Likhubula akumwedwa mpaka ku Blantyre. Chimbudzi cha alendo anuwo chizitsikira kuti?

Wolira wa ku Mangochi: Ine ndinamanga yanga m'mbali mwa nyanja, penshoni yonse. Mu 2024 madzi anakwera, matemba ankasambira m'chipinda nambala 3. Wondigulitsa malo anasowa ngati mfiti kukacha. Mverani akazi anu.

Mwana wa Adadi: Kamangeni pa Sapitwa penipeni, mamita 3,002, kulibe alamu. Chakudya mizimu imakonza yokha, bola mukachipeza mudye nokha osaitana mnzanu. Phindu lokhalokha.

Mlongo Wopemphera: Za mizimu musaseweretse. Komanso bala ayi m'bale wanga, ndalama ya mowa siikhalitsa.

Mayi wa ku Chitakale: Ndabwerezanso. Pitani ku ofesi ya zankhalango pa Likhubula pomwepo akakuonetseni malire. Ngati muli mkati, kudula ngakhale mtengo umodzi popanda chilolezo ndi mlandu. Ngati muli kunja, yambani kwa amfumu ndi eni mbumba, kenako kukhonsolo, ndipo a MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, ndi amene amanena ngati pakufunika kafukufuku wa zachilengedwe. Loji imafunanso laisensi ya zokopa alendo. Galimoto zitha kutsala kumunsi, alendo n'kuyenda wapansi mumthunzi. Mitengoyo ndi imene akubwerera.

Mkungudza Wotsala: Mayi, mukumuphunzitsa njira yowonongera mwaulemu. Ndipo njerwa zomwe akudandaulazo akanaziwotcha ndi nkhuni zochokera kuti? Alamu akewo anapulumutsa mitengo osadziwa.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse, ndawerenga. A Mkungudza, simukundidziwa, musandiweruze. A Kabaza ndakulemberani ku inbox. Koma tamverani zina, alamu aja aona positiyi, andiimbira kuti sola ndikachotse ndekha padenga. Kodi pamenepa polisi ingandithandize?

Mayi wa ku Chitakale: Bambo, malowo ali mkati kapena kunja?