Ma RIS aja amakwezadi spidi kapena ndi za m'mapepala chabe?

Kamtedza92: Akuluakulu ndithandizeni, pulojekiti yanga ya chaka chomaliza ndi ya reconfigurable intelligent surfaces (RIS) ndiye pepala lililonse likungoti data rate imakwera, koma chinthucho chilibe amplifier ngakhale imodzi, nanga spidiyo ikuchokera kuti?

MaliroNdiKulirana: Aise waonapo ana akuseweretsa kalilole padzuwa n'kumathobwa anzawo m'maso eti? Dzuwa silinawonjezereke, langolunjika malo amodzi. RIS ndi chibolodi cha tizidutswa tambirimbiri, kalikonse kali ndi kachipangizo kamagetsi (PIN diode kapena varactor) kosinthira phase, kutanthauza kutsogola kapena kutsalira kwa funde la wailesi likamanjanja, ukazitchuna bwino mafunde onse amafika pafoni atagwirizana m'malo mophana okhaokha, ndipo tizidutswa tikachuluka kawiri mphamvu imakwera kanayi. Koma fomyula ya Shannon, yowerengera spidi yomwe siginolo ingapereke, ili ndi log, ndiye spidi imakwera pang'onopang'ono kuyerekeza ndi mphamvu, usayembekezere kuti spidi nayo ikwera kanayi.

Nachisale_RF: Za log zo ndi zoona achimwene. A ku yunivesite ya MIT ku America mu 2020 anapanga bolodi lotere lotchedwa RFocus la ma antenna oposa 3,000, siginolo inakwera pafupifupi kakhumi koma capacity (data yomwe ingadutse pa sekondi) kawiri basi. Pomwe zimakomadi ndi pa frequency yokwera ya 28 GHz poti kumeneko khoma kapena mtengo zimadula siginolo kwambiri, makampani a NTT Docomo ndi Metawave anayesa ku Tokyo mu 2018 spidi inachoka pa 60 Mbps kufika 560 Mbps pamalo pomwe nyumba imatchinga.

Gogo_Ohm: Mayi Nachisale, cha Docomo chija chinali reflector chosasinthika, ana asachilembe ngati RIS yeniyeni. Ine zimanditopetsa ndi zoti anthu amabisa path loss (kufooka kwa siginolo m'njira), mtunda wochoka pa tower kufika pabolodi ndi wochoka pabolodi kufika pafoni zimachulukitsana sizimaphatikizana ayi, ukaika pakatikati wataya ndalama, komanso bolodilo silimva kanthu ndiye kuti lidziwe foni ili kuti pamafunika ma pilot (masiginolo oyesera njira) ambiri omwe akudyanso nthawi yotumizira data yomweyo. Malo ambiri repeater, yomwe imalandira siginolo n'kuitumizanso itaiwonjezera mphamvu, ikhoza kuchita bwino kuposa bolodi laling'ono.

Kamtedza92: Iii agogo mwandizizira nkhongono, ndiye mu simulation ndiliike pati?

Gogo_Ohm: Pafupi ndi tower kapena pafupi ndi foni mwanawe, utsekenso njira yachindunji yochoka pa tower kufika pafoni, ndipo pa girafu uikepo relay (yogwira ntchito ngati repeater ija) kuti tione ikupitiriridwa pa tizidutswa tingati.